Pomwe Macheka Ayenera Kulekezera: Mitengo ya m'Makhwawa a Karonga

 Ndikudziwa kuti kuno ku Karonga mumayankhula Kyangonde ndi Chitumbuka, koma mundilole ndiyale nkhaniyi m'Chichewa kuti iwapezenso amalonda ochokera kutali amene amadzapakira matabwa kuno. Sindinabwere kudzaletsa munthu kudula mtengo. Nyumba imafuna zitseko, sukulu imafuna madesiki, msodzi wa pa Ngara amafuna bwato, ndipo tsiku la zovuta tonse timafuna bokosi. Mfundo yanga ndi imodzi. Paphiri lililonse lomwe tikudulapo mitengo pali timalo tingapo, kawirikawiri tating'onoting'ono, pamene mtengo uli pantchito yogwira nthaka kuti isatsike. Timalo timeneti tiyenera kudziwika ndi kuikidwa chizindikiro macheka asanalowe m'nkhalango, ndipo mitengo yake isiyidwe ili chilili ngakhale itakhala yonenepa chotani.

Tiyambe ndi mmene dziko lino linakhalira. Boma la Karonga lili m'chigwa chachikulu chimene chinang'ambika kalekale n'kusunga nyanja ya Malawi. Kum'mawa kuli nyanja, kenaka chidikha chopapatiza cha mpunga, chinangwa ndi nthochi, ndiye dziko limanyamuka mwadzidzidzi kulunjika ku Nyika ndi ku mapiri a Misuku. Mitsinje imene timadalira, Songwe, Kyungu, Lufilya, North Rukuru, Wovwe ndi Hara, imatsika kumtundako ili ndi ukali, koma ikafika pachidikha imafooka n'kutula katundu wake yense pakhomo pathu. Zitunda zambiri za pakati pa chidikha ndi mapiri si za mwala wolimba. Ndi mchenga ndi matope akale amene anaumbika m'mizeremizere, ndipo n'chifukwa chake mafupa a Malawisaurus, amene chifaniziro chake timanyadira m'nyumba yosungiramo zakale ya pa Karonga, anapezeka ku Mwakasyunguti: madzi a mvula amadya miyalayo mosavuta n'kuvundukula zimene zinakwiriridwa. Pamwamba pa izo dziko lino limagwedezeka. Palibe waiwala zivomezi za mu Disembala 2009, zimene chachikulu chake chinafika pa 6.0, ndipo chivomezi chimene chimang'amba khoma la nyumba chimasiyanso ming'alu m'phiri imene maso saona. Ndiye pali mvula yathu, imene imalimba mu Malichi ndi Epulo, nthawi imene nthaka yamwa kale madzi kwa miyezi itatu ndipo ilibenso pomwera. Therezi, mwala wofewa, chivomezi ndi mvula ya kumapeto, zinayi zimenezi sitingazisinthe. Chimene chili m'manja mwathu ndi mizu yokha.

Mukadzadutsa pamsewu wa ku Chitipa, taimani pamalo amodzi pomwe omanga msewu anadula chitunda, muyang'ane khomalo. Mudzaona pamwamba kadothi kakuda, pansi pake dothi lofiirira lokuya mwina mita imodzi kapena iwiri, kenaka mwala. Mudzaonanso mizu ili lendelende, ina yaikulu ngati mkono, yambiri yopyapyala ngati luzi, yolukanalukana ngati ukonde. Phiri likamagumuka mvula itagwa, kawirikawiri limang'ambika pomwe dothilo lakumana ndi mwala. Madzi amalowa msanga m'dothi, akafika pamwala amalephera kupitirira, amadzazana pamenepo, ndipo dothi lonse limayamba kuyandama pang'ono ngati mbale imene yaikidwa patebulo lonyowa. Mizu imalimbana ndi zimenezi m'njira ziwiri. Ina imaboola dothi n'kukalowa m'ming'alu ya mwala ngati zikhomo. Ina, imene ndiyo yofunika kwambiri, imayenda cham'mbali n'kugwirana ndi mizu ya mtengo wina, kotero kuti chigamba chofooka cha nthaka chimakhala chosokereredwa ku nthaka yolimba ya m'mbali mwake. Masamba nawo amathandizako, pakuti mtengo wamoyo umakoka madzi m'nthaka tsiku lililonse, ndipo mvula yaikulu ikamabwera imapeza malo olowa.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene chimatisokoneza tonse, ndipo ndicho chimake cha nkhani ino. Mtengo ukadulidwa lero, phiri siligumuka mawa. Chitsa chimatsala, mizu yake ikadali yolimba, ndipo dzinja loyamba ndi lachiwiri limadutsa popanda kanthu. Wodula uja amaloza phirilo n'kunena kuti, taonani, si lili chikhalire? Koma pansi mizu ikuola, timizu ting'onoting'ono poyamba, ikuluikulu pambuyo, chiswe chikuthandizira. Akatswiri amene anayeza kulimba kwa mizu ya zitsa ku Japan, ku New Zealand ndi kumadzulo kwa America anapeza zofanana: nthaka imafika pofooka kwambiri pakadutsa zaka 3 mpaka 10 chidulireni mitengo, nthawi zina kupitirira, pamene mizu yakale yaola koma ya mitengo yatsopano isanakhwime. Mvula yaikulu ikagwa m'zaka zimenezo ndiye kuti yapeza chitseko chotsegula. Akuluakulu amati choipa chitsata mwini, koma pankhani iyi mwambiwu umalephera. Pofika tsiku limene khwawa likusanza matope, wocheka uja anasamuka kale, wamalonda anagulitsa matabwa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe n'kudya ndalama zake, ndipo amene akuchotsa mchenga m'ngalande ndi fosholo ndi mayi wa m'sikimu ya mpunga amene sanaonepo ngakhale chitsa cha mtengowo. Pamene cholakwa ndi chilango zatalikirana chonchi, m'zaka ndi m'makilomita, sitingadalire chikumbumtima cha munthu mmodzi. Pamafunika lamulo lomveka ndi chizindikiro chooneka pamtengo.

Umboni suli kutali. Anansi athu a ku Rumphi anaona mu 2003 zitunda za ku Ntchenachena ndi ku Chiweta zikugumuka m'malo ambirimbiri, ndipo a Golden Msilimba a pa yunivesite ya Mzuzu anafufuza malowo n'kulemba za iwo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri lometedwa la Soche kugwera pa Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, komanso m'midzi ya ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa ndipo oposa 500 sanapezeke. Koma phunziro lolunjika pa kadulidwe ka matabwa likuchokera ku New Zealand, dziko lolemera lokhala ndi akatswiri ochuluka. Mu 1988 namondwe wa Bola anagumula zitunda za dera la Gisborne, ndipo ofufuza anapeza kuti malo a msipu ndi a mitengo yanthete anawonongeka kwambiri kuposa nkhalango zokhwima. Dzikolo linabzala paini wochuluka m'zitundamo. Mitengo itakula, makampani anaidula yonse nthawi imodzi, phiri lathunthu mpaka m'makhwawa. Mu Juni 2018 mvula inakokolola zipika ndi nthambi zotsala kukaunjika m'minda ndi pagombe la Tolaga Bay, ndipo mu Febuluwale 2023, kutatsala mwezi umodzi kuti Freddy atigwere ife, namondwe wa Gabrielle anachitanso zomwezo mokulirapo, zipika zikugumula milatho. Kafukufuku amene boma lawo linakhazikitsa analangiza kuti kumeta zitunda zikuluzikulu nthawi imodzi kulekeke m'deralo. Onani kuti mitengo anabzala, ndipo inagwiradi nthaka. Chimene chinawapweteka ndi kadulidwe kosasiya kanthu pamalo ofooka.

Nanga malo ofookawo ndi ati? Chigawo cha Washington ku America, chimene chimadula matabwa ochuluka zedi, chinawatchula m'malamulo ake, ndipo wofuna kudula pamenepo ayenera kuyamba waitana katswiri wa za miyala. Ndi mitu ya makhwawa, pomwe chitunda chimapindika ngati chikho n'kusonkhanitsa madzi pamalo amodzi. Makoma a zigwembe zakuya zomwe mtsinje ukudya kunsi kwake. Kunja kwa ngodya ya mtsinje. Ndi kumapazi kwa malo amene anagumukapo kale. Muyeso wawo pa makhwawa ndi madigiri 35, kutanthauza kuti ukayenda mamita 10 molunjika wakwera mamita 7. Wina anena kuti kuno tilibe akatswiri otero oti ayendere khwawa lililonse la ku Musisi kapena ku Vinthukutu, ndipo akunena zoona. Koma phiri lofooka silibisa matenda ake, ndipo anthu amene amadyetsa ng'ombe ndi kufuna bowa m'menemo amazidziwa zizindikiro kuposa mlendo wonyamula makina. Mitengo yopindika patsinde ngati mpini wa khasu, kusonyeza kuti nthaka yakhala ikuikankha pang'onopang'ono. Mitengo yopendekera uku ndi uku ngati anthu oledzera. Mng'alu wopingasa chitunda, kapena kakhonde kooneka ngati sitepe pomwe sipanalimidwepo. Kasupe wotumphuka pakati pa therezi, pomera udzu wa m'dambo. Mulu wa miyala yosakanikira ndi dothi pakamwa pa khwawa, umboni wakuti linasanzapo kale ndipo lidzasanzanso. Ndipo pali muyeso umene aliyense amayenda nawo: ngati pokwera ukugwira udzu ndi manja kuti usaterereke, pamenepo macheka alibe chawo.

Tsopano ndiyankhe zotsutsa, ndipo ndiyamba ndi chimene chili ndi mphamvu. Ena amati Napolo anatsika m'phiri la Zomba mu Disembala 1946, masiku amene mapiri athu anali asanametedwe monga lero, ndipo mu Malichi 1991 anatsikanso m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Ngati Napolo akufuna kudutsa, amati, adzadutsa basi, pakhale mitengo kapena ayi. Ndikuvomereza gawo lalikulu la mawu amenewa. Pali kugumuka kwakuya, kumene mng'alu wake uli mamita ambiri pansi pomwe mizu siifika, ndipo pali mvula yoopsa imene nkhalango iliyonse imagonja nayo. Munthu amene angakulonjezeni kuti mitengo idzathetsa zonsezi akukunamizani, ndipo nyumba yomangidwa pakamwa pa khwawa ili pangozi ngakhale kumtunda kuli nkhalango yowirira. Koma mvula yotero imabwera kamodzi pa mbadwo. Imene imabwera kawirikawiri ndi mvula yaikulu wamba, ya masiku awiri kapena atatu mu Epulo, ndipo pa mvula imeneyo ndi pomwe mizu imasiyanitsa chitunda choima ndi chitunda chotsika. Chimene tikusankha pano ndi kuchuluka kwake: kaya khwawa lizisanza kamodzi m'moyo wa munthu, kaya zaka zingapo zilizonse. Kwa mlimi wa ku Lufilya kusiyana kumeneko ndiko kukolola mpunga wa Kilombero kapena kukolola mchenga.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti tidzabzala ina. Chaka chilichonse dziko lino limatsegulira nyengo yobzala mitengo, ndipo ndi ntchito yabwino, koma mbande ya m'chubu ilibe mphamvu yogwira chitunda. Mizu yake imatenga zaka kuti ikumane ndi ya inzake, ndipo zaka zimenezo ndi zomwe zija mizu yakale ikuola. Apa nkhalango zathu zachilengedwe zili ndi mwayi umene paini wa ku Chikangawa alibe, ndipo ndiyenera kuutchula mwachilungamo. Paini ukamudula wafa ndi mizu yomwe. Mitengo yambiri ya m'tchire lathu, monga mombo, tsamba ndi msuku, imaphukira pachitsa, ndipo chitsa chikaphukira ndiye kuti gawo la mizu yake lakhalabe ndi moyo. N'chifukwa chake pa zitunda zotsetsereka pang'ono kudula mosankha, mtengo uno ndi uwo, kungachitike popanda ngozi yaikulu. Koma mwayi umenewu umatha msanga. Mphukira zikapsa ndi moto wa mu Okutobala zaka ziwiri zotsatizana, mbuzi zikamazidya, woumba uvuni wa makala akatsata wocheka matabwa n'kuzula ndi zitsa zomwe, kapena pakalowa khasu, chitsa chimafa ndipo tabwerera pomwe paja. Munthu amene wayendapo m'nkhalango zathu akudziwa kuti njira imene wocheka watsegula siikhala ya wocheka yekha. Pamutu pa khwawa sitingayike miyoyo ya anthu pa chiyembekezo chakuti moto sudzadutsa.

Pali amene amati timizere ta mitengo totsala timagwa ndi mphepo, ndiponso kuti mtengo waukulu umalemetsa phiri. Za kulemera sizivuta kuyankha: dothi lonyowa limene lili pansi pa nkhalango limalemera kwambiri kuposa mitengo yonse ya pamwamba pake. Za mphepo n'zoona, makamaka kuno kumene mwera umaomba mwamphamvu. Mtengo umene unakulira pakati pa inzake ukasiyidwa wokha umazuka, ndipo dzenje lake limamwetsa madzi m'chitunda. Yankho lake ndi kusiya chigamba chathunthu, mitengo ikuluikulu, ing'onoing'ono ndi zitsamba zomwe, chozungulira mutu wonse wa khwawa n'kupitirira pang'ono pa nthaka yolimba kuti mizu ikhale ndi pogwira. Ndipo chipika chisamakokedwe kapena kugubuduzidwa kudzera m'khwawa, pakuti njira imeneyo imasanduka ngalande pa mvula yoyamba, ndiponso nthambi ndi zotsala zisatayidwe m'menemo, chifukwa ndizo zimakatseka milatho ya pa msewu wa M1 n'kubwezera madzi m'midzi.

Chotsutsa cholemera koposa ndi njala, ndipo sindifuna kuchidumpha. Mbawa ndi mlombwa za pamalo osavuta kufika zinatha kale. Zimene zatsala zili m'makhwawa momwemo, chifukwa n'movuta kufika ndiponso muli chinyontho. Choncho pouza wocheka kuti asiye khwawa, tikumuuza kuti asiye mtengo wabwino koposa umene waupeza sabata yonse, pamene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Iye adzayankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo sindingamunene kuti ndi wopusa. Koma funso loyenera ndi lakuti, ndani amapindula mtengowo ukatsala? Amapindula alimi a m'masikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya, amene ngalande zawo zimadzaza mchenga. Imapindula kampani ya magetsi ya EGENCO, imene makina ake a pa Wovwe, opanga mamegawati pafupifupi 4 ndi theka, amafuna madzi opanda matope. Amapindula oyang'anira misewu amene amakonza milatho, anthu a m'tauni ya Karonga amene amakhala m'mbali mwa mtsinje wa North Rukuru umene ukukwera chifukwa cha mchenga, ndi asodzi, pakuti mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje kukaswana pa timiyala toyera, ndipo timiyalato tikakwiririka ndi matope mazira amafa. Ngati onsewa akupindula, si chilungamo kuti mtolo wonse usenzedwe ndi mudzi wa kumtunda wokha. Ndikuganiza kuti khonsolo ya boma lino iyenera kukhazika pansi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi m'masikimu, a magetsi ndi a misewu, kuti pakhale kangachepe kokhazikika kopita ku makomiti a kumtunda amene asunga makhwawa awo, kolipidwa pambuyo poyendera ndi kuwerenga mitengo. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi yofukula ngalande chaka ndi chaka. Ndipo chigamba chosiyidwacho sichikhala chopanda ntchito kwa eni ake: muli masuku, bowa, mankhwala ndi malo opachika ming'oma ya njuchi, ndiponso ndimo mumachokera mbewu yodzaza malo amene adulidwa.

Kumbali ina kuli abale athu okonda chilengedwe amene amati tingotseka nkhalango zonse. Dziko la Thailand linachita zimenezo mu 1989, mapiri atagumuka n'kupha anthu ambiri kummwera kwa dzikolo mu Novembala 1988, ndipo chotsatira china chinali chakuti amalonda anawolokera m'nkhalango za maiko oyandikana nawo. Kufuna matabwa sikutha chifukwa cha chiletso. Kuno chiletso chotheratu chimangosandutsa ntchito ya masana kukhala ya usiku, ndipo wocheka wa usiku amathawira m'khwawa lakuya momwe sangaonedwe, malo omwewo amene tikufuna kuteteza. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, linatchula kale malo otsetsereka kwambiri, magombe a mitsinje ndi magwero a madzi ngati malo oyenera kutetezedwa, ndipo linapatsa midzi mphamvu yosamalira nkhalango zawo kudzera m'makomiti. Chimene chikusowa ndi kulitsitsa lamulolo kuchoka papepala kufika patsinde la mtengo. Chilolezo chisamangonena chiwerengero cha mitengo ndi dzina la nkhalango. Chizinena malo enieni, ndipo chisatuluke mlangizi, nyakwawa ndi a komiti asanayende limodzi ndi wopemphayo, atanyamula chitini cha penti, kuzunguliza malire a chigamba chilichonse chosiyidwa. Mlandu wa chitsa chopezeka mkati mwa malirewo ugwere mwini chilolezo ndi mwini galimoto yonyamula, osati mnyamata waganyu yekha amene amalipidwa pa thabwa.

Nthawi yoyenderayo nayo ndi yofunika. Ocheka amakonda chilimwe chifukwa njira zimauma, koma mu Seputembala khwawa lililonse limaoneka lofatsa, akasupe aphwa ndipo ming'alu yabisika m'masamba ouma. Amene akufuna kucheka mu Ogasiti ayenera kuyenderedwa malo ake mu Malichi kapena Epulo, madzi akutumphuka, pamene phiri likuonetsa lokha pomwe likudwala. Zimene apeza zilembedwe m'kaundula wa komiti, kope lina lipite ku ofesi ya zankhalango ku boma, ndipo anthu omwewo abwerere pamalopo chaka chachitatu ndi chachisanu, zaka zimene mizu ya zitsa zozungulira ikuola, kukaona ngati penti ikadali pa mitengo yake ndiponso ngati mphukira zapulumuka moto.